Ukatsika Ndege ku Lilongwe, Usathamangire Kumudzi

Rudo mwana wanga,

Amene anayamba kundiuza zimene ndikufuna kukuuzazi ndi Che Asani, telala uja ankasokera pakhonde la sitolo ya papulazi kuno ku Mvurwi, iwe usanabadwe. Anali Myao wa Chisilamu, ife a tchalitchi, koma pakomboni tonse tinali Mabhurandaya basi, ndiye kuti a ku Blantyre, monga ankatitchulira Azezuru, eni dziko kuno. Tsiku lina ndikudikira diresi langa, kandege kopopera mankhwala kanadutsa cham'munsi pamwamba pa minda, ine n'kunena kuti kukhala ndi kotereka bwenzi tikukadya nkhomaliro ku Malawi n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Che Asani anaimitsa makina. Anati ndege ndi yabwino kunyamula katundu, koma munthu wopita kwawo amafunika msewu, chifukwa msewu uli ndi ntchito imene umagwira pa munthu. Umamudetsa, umamumvetsa njala, umamutupitsa mapazi, ndipo akamafika amakhala akusowa madzi, akusowa chakudya, akusowa mphasa. Abale akamupatsa zimenezo ndiye kuti amulandira. Nanga wofika atasamba kale, atakhuta kale, abale amupatsa chiyani? Ndinaseka, ndinali mtsikana. Zinadzandipeza patsogolo.

Akulemba ndi bambo ako, ine ndikungoyankhula, paja ukudziwa kuti ine ndi cholembera sitinadziwanepo. Ayamba kale kudandaula dzanja, ndawauza kuti akatopa apume koma asadumphe mawu. Ndayesa kukuuza pakamwa sabata yonseyi, koma ndikangoyamba iwe umati “ndazvinzwa mhamha,” ngati wamvadi, maso ali pafoni. Ndiye poti wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, ife takhala pansi. Kalatayi ukawerengere m'ndegemo mawa, mmene alibe poti uthawire.

Unandiuza kuti kuchoka ku Harare kukafika ku Lilongwe ndi ola limodzi ndi kachidutswa. Ndinakhulupirira movutikira. Kombi yochoka pano pa Mvurwi kupita ku Harare imatha nthawi yoposa pamenepo, osawerengera kudikira kuti idzaze ndi kuima pa Concession kutsitsa matumba. Agogo ako, amayi anga, mtunda womwewo anauyenda pansi potsatira amuna awo, mwezi unaoneka n'kufa, wina n'kuonekanso, asanaponde pulazi yoyamba. Iwe ukangomanga lamba, kumwa tiyi, basi akuti tsikani mwafika. Sindikudana nazo ayi. Ndikunyada, ndipo pakomboni pano palibe amene sanamve kuti mwana wa Mai Rudo akukwera ndege, ngakhale ogontha ndawauza ndi manja.

Koma chimene ukupitira usachiiwale, Naphiri. Akwawo kwa Yamikani, mnyamata wofuna kukukwatirayo, anafunsa funso limodzi lokha: mtsikanayu kwawo n'kuti, ankhoswe ake ndani? Sanalakwe. Pulazi si mudzi, eni ake asintha ife tikuona, ndipo mawa akhoza kusinthanso. Malume ako a Fuledi, amene akanakuimirira, anatisiya. Watsala munthu mmodzi, malume anga a Gelesomu, mlongo wawo wa amayi anga, kupitirira Lobi ku Dedza. Iwe uziwatchula kuti agogo. Ndiwo eni mbumba yathu. Akanena kuti uyu ndi wathu, akaloza nkhoswe, ukwati wako uli ndi poima. Akanena kuti sitikumudziwa, mwina ukwatiwabe, koma udzakhala mkazi wotoledwa panjira, ndipo tsiku limene mudzasemphane mawu ndi mwamuna wako sudzakhala ndi khomo loti ukagogode. Ine ndikanakuperekeza, koma miyendoyi waiona mmene yatupira, ndipo pasipoti yanga inatha kalekale. Ndiye ukupita wekha, ndipo ukatha. Ndikudziwa kuti ukatha, bola umvere.

Ndamva zimene mwapangana ndi mukwasha wanga, mkamwini wanga Yamikaniyo, pafoni, makutu anga ali bwinobwino. Mwati akakutenge pabwalo la ndege pa galimoto ya kuntchito kwake, mulunjike ku Dedza tsiku lomwelo, mukapereke moni ndi shuga, madzulo mukhale mwabwerera ku Lilongwe. Mwati n'pafupi. N'pafupidi, sindikukana. Kufupika komweko ndiko kunagwetsa malume ako a Fuledi.

Nkhani yake inayenda chonchi. Amayi anga anamwalira nthawi ya dzinja, fodya ali m'mabalani, tinawaika pamanda a papulazi pano. Mwambo wa kwathu ndi woti uthenga wa maliro a munthu wamkulu satumiza ngati moni. Amapita mwana wa malemu, atanyamula nsalu imodzi ya malemuyo, kukauza abale ndi pakamwa pake. Nthawi imeneyo a Fuledi ankagwira ukalaliki ku Harare, pa kampani ina yogulitsa zida za mathirakitala, ndipo bwana wawo anawapezera tikiti ya ndege. Tinasangalala ngati si za maliro. Ananyamuka Loweruka m'mawa, Lamulungu madzulo anali atakhala pampando womwe akhala bambo akowu, nsapato zikuwalabe polishi wa ku Harare. Anatifotokozera okha, monyadira. Anati anatsika ndege, anagwira takisi, masana anali atafika kale pamudzi. A Gelesomu anachita kukawaitana kumunda. Akazi awo a Gelesomu, a Nangondo, anaika madzi kubafa, malume ako anati asamba kale m'mawa ku Harare. Anayamba kuthamangitsa nkhuku, iwo anati musavutike ndadya m'ndege, komanso takisi ikudikira. Anawayalira mphasa, iwo anayang'ana thalauzi lawo n'kuimabe chilili. Ananena uthenga, anapereka nsalu ndi shuga, anakwera takisi. Iwo ankaona ngati agwira ntchito bwino, ifenso tinawathokoza. Sanali munthu woipa mlongo wanga. Anali wofulumira basi, ndipo ndege inawawonjezera.

Patapita miyezi, kunabwera bambo wina wa kufupi ndi kwathuko, amene ankagwira ntchito pamgodi wa golide ku Shamva. Anayenda ulendo wonsewo kudzatiuza mawu a a Gelesomu. Anati kumudzi sanamve kanthu. Akuti kunabwera bwana wina pagalimoto, analankhula zinazake ali chilili, n'kubwerera. Akuti mlongo wawo ali moyo ku Rhodesia mpaka adzabwere mwana wake adzawauze. Palibe amene walira, palibe mwambo wachitika, ndipo aletsa aliyense kutchula za maliro. A Fuledi anapsa mtima. Anati, “Ndinawauza m'Chichewa chomveka bwino, amafuna ndiimbe?” Anakana kubwererako, mpaka anamwalira osapondakonso.

Wamva, Naphiri? Munthu akhoza kufika pakhomo, kulankhula, kusiya katundu, eni ake n'kunena kuti sikunabwere munthu. Ndipo a Gelesomu ndi omwewo, angokalamba. Mano anatha koma mutu ndi uja.

Ndiye ndinapita ine, iwe uli kumbuyo, ukuyamwabe. Sukumbukira, koma ku Malawi unapitako kale. Tinakwera basi pa Mbare yolowera ku Nyamapanda. Ndinali nditaphika nkhuku yathunthu ndi chimodho chambiri, chigumu cha kuno chija, kamba woti atifikitse. Koma paja pakamwa pangapa ukupadziwa. Tisanafike n'komwe ku Mutoko ndinali nditapalana ubwenzi ndi mpando wonse, ndikuwasimbira nkhani uku ndikugawa nkhuku, ndimvekere idyani, ku Malawi si kutali. Pofika pachipata cha Nyamapanda ndinatsala ndi mafupa ndi mpango wokulungira. Anzanga aja, aliyense anatsegula kamba wake cham'mbali atatembenukira kuwindo. Kuyambira pamenepo njala sinandisiye. Iwe ndiwe unkadya, ine ndikungouma.

Titaoloka mlatho wa ku Tete, basi inali yopita ku Blantyre, ndiye ife a ku Dedza anatitsitsa pamphambano kuti tidzionere tokha. Kutentha kwa kumeneko sindinakuonepo kwina, mpweya ngati watsegula chitseko cha balani moto uli pakati. Tinapeza lole yonyamula nsomba zouma, tinakwera pamwamba pa matumba. M'chikwama ndinali nditasunga diresi latsopano la maluwa obiriwira, losoka Che Asani, ndi nsapato zoyera, kuti ndikayandikira kumudzi ndikasambe pamtsinje ndivale, akaone kuti ana a ku Zimbabwe si amphawi. Ukuona? Ndinkapita kukakonza zimene analakwitsa mlongo wanga, koma mumtima ndinkafuna kukafika ndikuwala ngati iye yemwe. Msewu ndi umene unandiletsa. Lole ija inaphulika tayala, pofuna kutulutsa jeke anagwetsa chigubu cha dizilo, ndipo dizilo yenseyo anathera pachikwama changa. Ndinalira diresi limenelo, anthu palole anayesa ndalandira uthenga woipa. Ndinakafika ku Malawi ndi diresi lomwe ndinachokera nalo pano, lofiira ndi fumbi, ndikununkha nsomba, iwe uli ndi zidzolo za thukuta khosi lonse.

Pa Lobi ndinafunsa njira kwa mayi wina wogulitsa kachewere, ndikufuna kungolunjika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anafunsa kumene ndachokera ndi chimene ndadzera. Nditamuuza anandikhazika pansi pambali pa dengu lake. Anati mwana wa mtchona salowa m'mudzi ngati akuchokera kuchigayo, ayambe watumiza mawu, eni ake adziwe, akonze mitima. Anatuma bambo wina wa njinga amene ankalowera komweko. Ndinakhala pamenepo dzuwa n'kupendeka, ndikumuthandiza mayi uja kuunjika kachewere. Kenaka anati tsopano nyamukani, muziyenda pang'onopang'ono, akuchingamirani panjira.

Anandichingamira ndi a Nangondo, mayi wamfupi wakuda, wa maso akuthwa. Ine chifukwa cha mantha, pakamwa panatuluka Chishona, ndikuomba m'manja ndimvekere makadii. Sanaseke. Anangondilanda chikwama chonunkha dizilo chija n'kuchisenza pamutu. Anati, “Moni tipatsana. Yambani mwalira amayi anu.” Ndinkaganiza kuti misozi ndilibe, pakuti chaka chinali pafupi kutha chiwaikireni. Koma titafika pa nyumba zoyamba, panatuluka mayi wina akuyenda motsimphina pang'ono mbali ya kumanzere, ndendende mmene ankayendera amayi anga, ndi mpata wa mano womwewo. Kulira kunabwera kokha. Ndinalowa m'mudzi umenewo ndikulira mokweza ngati kamwana, iwenso kumbuyo unalandira nyimbo.

Apa ndiye tchera khutu, mwanawe. A Nangondo aja anamwalira chaka chatha nthawi yozizira. Tinapepesa pafoni, inde, koma za pafoni a Gelesomu samaziwerengera. Iwe ndiwe woyamba wa nyumba ino kuponda pamudzipo chichitikireni malirowo, ndiye poyambira pako ndi pamenepo. Usakayambe ndi moni wosekerera, usakayambe ndi mphatso, ndipo za ukwati usakazitchule n'komwe. Ukavale chitenje, ukakhale pamphasa pamodzi ndi amayi, miyendo yowongola, ukanene kuti amayi anga andituma kudzapepesa maliro a agogo. Misozi ikakana usaikakamize, anthu amazindikira kulira kochita kufinya. Ungoweramitsa mutu n'kukumbukira kuti mayi ameneyo anakusambitsapo. Tsiku lija atatifikitsa pakhomo anakumasula kumbuyo kwanga osandipempha, anakusambitsa m'beseni ndi madzi ofunda, anakudzoza mafuta pa zidzolo zija, uku akundikalipira kuti mwana sayenda naye chonchi padzuwa. Atatha anandiikira inenso madzi. Madzi amene anatsika m'thupi mwanga anali ngati a m'ngalande ya kumunda. Ndinadya zimene anandipatsa mpaka kunyambita zala, manyazi ndinawasiya palole. Ndikudya ndinaona amayi aja akugwedezerana mitu, ndipo m'pamene ndinamvetsa zimene ankanena telala uja.

Tsono iwe msewu umenewu sukhala nawo. Ndege ikakutula ku Lilongwe uli woyera ngati mmene wachokera ku Harare, mafuta onunkhira asanathe n'komwe pakhosi. Ndiye msewu udzipangire wekha. Tsiku lofika ukagone kwa mlongo wake wa Yamikani. Ndati kwa mlongo wake, bambo ako alembe bwino pamenepa, adule mzere kunsi. M'mawa mwake usakadye kanthu. Ukakwere minibasi ya aliyense, yothinana, ya nkhuku ndi matumba, ukatsike pamene amatsikira opita ku Lobi, ukakwere chimene chikapezeke. Pa Lobi ukakhale pansi, ukatumize mawu, ukadikire. Ndikudziwa kuti nambala ya mdzukulu wa a Gelesomu uli nayo, ndipo ukhoza kumuimbira kuti adziwe tsiku, koma mawu akuti mlendo wafika pa Lobi akapite ndi munthu wa miyendo. Mtunda wotsalawo ukayende pansi. Si wautali, sukafa. Nsapato zako za gogoda zija uzisiye ku Lilongwe.

Yamikani asapite nawo. Ndimamukonda mwana uja, ali ndi ulemu, anadya sadza yanga osayang'ana mbale, koma mwamuna wofunsira safika pamudzi nkhoswe isanalozedwe. Adzaitanidwa nthawi yake ikakwana, ndipo adzabwera ndi akwawo. Mukakatsika awiri m'galimoto, magalasi akuda kumaso, a Gelesomu adzaona anthu amene amaliza kale zonse, angobwera kudzawadziwitsa. Umuuze kuti ndanena ine. Akadandaula andiimbire, ndili ndi nkhani zambiri zoti ndimusimbire, adzatopa yekha.

Bambo ako aika cholembera pansi. Akuti nthawi inasintha, anthu a ku Malawi nawonso ali ndi mafoni ndi magalimoto, ana awo ali ku Joni ndi kutali kwina, sangadabwe ndi ndege. Akuti ndikukuzunzitsa mwana ndi njala popanda chifukwa. Ndawayankha kuti a Gelesomu ndege sadabwa nayo, chimene sakondwa nacho ndi changu. Ndawafunsanso kuti iwo podzandifunsira ine, bwanji anakhala pachitsa kuseri kwa nyumba yathu kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe kubwerera, amayi anga akuwadutsa ngati sakuwaona? Akuti imeneyo ndi nkhani ina. Atola cholembera.

Akakakuikira madzi, ukasambe, ngakhale utasamba kale. Akakakupatsa chakudya, ukadye, ngakhale ndiwo zikhale zimene sumazikonda, ndipo usakatulutse botolo lako la madzi ogula pamaso pawo. Mawu akuti musavutike uwasiye m'ndege. Asiye avutike, kuvutikako ndiko kukulandira. Akakakupatsa mpando, iwe ukakhale pamphasa. Foni ikhale m'chikwama, usamakaisuzumire nthawi, chifukwa munthu woyang'ana nthawi amakhala wanyamuka kale ngakhale ali chikhalire. Unandiuza kuti masiku amene anakupatsa kuntchito ndi ochepa. Ndamva. Koma kuntchito ukapepesa amamva, pamene a Gelesomu ukawapepesa amangokuyang'ana. Ukakhale mpaka akakumasule okha.

Za mphatso ndikuuze zimene ndinachita ine, useke. Ndinali nditanyamula shuga, sopo ndi bulangete, ndipo mwamwayi zinali m'thumba lina limene dizilo sanalifike. Titangotha kulira, panabwera mayi wina wamtali n'kundikumbatira mwamphamvu, akuti mwana wathu, mwana wathu, wafanana ndi mayi ake. Ine mtima unasungunuka, ndinamasula thumba n'kumupatsa shuga yense kuti agawe. Anapita naye. Madzulo ndikufunsa kuti azakhali aja ali kuti, a Nangondo anati si mbale wathu ameneyo, ndi wa mudzi wa kutsidya, amangokonda pamene pali anthu, ndipo amayi anga sanawaonepo chibadwire. Shugayo sitinamuonenso. Ndiye iwe thumba lako likakhale chomanga mpaka mutadya, ukalowe nalo m'nyumba, ukalipereke kwa mayi wamkulu wa pakhomopo, iye ndiye adziwa agawe bwanji. Wokukumbatira kwambiri uyambe wafunsa kuti ndi ndani.

Chichewa chako adzachiseka, zimenezo uziyembekezere. Chathu cha papulazi chinasakanizika ngati nyemba za pamsika, ndipo ana adzakutsatira kuti ulankhulenso amve. Aseke. Usakathawire ku Chizungu, chifukwa Chizungu chidzakuimika chilili ngakhale utakhala pansi. Ukalakwitsa akakukonza, ndipo munthu amakonza wake. Akakakutuma kumjigo kapena kukupatsa tsache, usakaone ngati akupeputsa, ukadziwe kuti zikuyenda. Mlendo satumidwa.

Chimene wadzera akakufunsa okha. Mwina tsiku lachiwiri, mwina kupitirira apo. Akudziwa kale, mdzukulu wawo anawauza, koma akafuna aone ngati ungathe kudikira. Akakafunsa, usakayambire pa Yamikani. Ukayambire pa ine, mmene ndilili ndi miyendoyi, bambo ako, imfa ya malume ako a Fuledi ndi mmene tinawaikira, pakuti imeneyonso palibe anakaifotokoza atakhala pansi. Ukafotokoze zonse mwandondomeko, osadumpha, ngati mmene ndimachitira ine mpaka inu kumandithawa. Pamapeto pake m'pamene ukanene kuti pali munthu wina waonetsa chidwi, ndipo amayi anga ati iwo sangayankhe, eni ake alipo. Ukatero ukhale chete. Akakhala chete nawonso, usakadzaze mpatawo ndi mawu. Pamenepo ndi pamene ine ndinatsala pang'ono kuononga zonse, ndipo ndiyo nkhani yomaliza, bambo ako apume.

Tsiku lija ndinafika, a Gelesomu sanandipatse moni. Anali pakhonde akusema mpini wa khasu, munthu wamtali woonda, ndevu zayamba kumene imvi. Nditasamba ndi kudya, a Nangondo anandiyalira mphasa chapatali pang'ono ndi khondelo nati fotokozani. Ndinayambira pa chifuwa chimene chinawayamba amayi tikupalira fodya. Ndinanena za kuchipatala, za mankhwala amene tinayesa, zimene ankadya ndi zimene ankakana, amene ankawagoneka ndi kuwatembenuza. Ndinanena kuti masiku omaliza Chishona chinawachokera, ankangolankhula Chichewa cha kumudzi, akutchula mitsinje imene ife sitikuidziwa, akufunsa ngati Gelesomu wabwera nazo mbuzi. Ndinanena amene anawasambitsa, amene anakumba manda, nyimbo zimene tinaimba, mtengo umene uli kumutu kwawo. Ndinalankhula mpaka mthunzi wa nyumba unandipitirira. Nthawi yonseyo kasemasema sanaime, ndipo maso awo sanachoke pampini. Nditamaliza anaimirira, anasasa tizipalapala pamwendo, n'kulowa m'nyumba. Ndinafuna kuwatsatira, ndiwafunse ngati amva, ndipepesere a Fuledi, ndiwonjezere mawu ena. Ndinali nditadzuka kale theka. A Nangondo anandikoka chitenje n'kundikhazikanso pansi. Ndinagona ndikudziwa kuti ndalephera, ndikuganiza za lole yobwererera.

M'mawa mwake anandidzutsa a Nangondo kuti nditenge mwana nditulukire panja. Bwalo linali lodzaza, amuna mbali yawo, amayi mbali yawo, ena achokera midzi ya kutali. Sindikudziwa kuti anawaitana nthawi yanji. A Gelesomu anatuluka, anaima pakati, nati, “Mlongo wanga wamwalira ku Zimbabwe. Ndamva dzulo. Wandiuza ndi mwana wake uyu.” Anakhala pansi n'kuphimba nkhope. Amayi analira ngati mtembo uli m'nyumba momwemo.

Kulira kutazizira anabweretsa madzi ndi malezala, abale onse anayamba kumetana, monga amachitira pomaliza maliro. Ine anandimeta a Nangondo, mpala weniweni. Mayi wina atafuna kukutenga iwe, a Gelesomu anatambasula manja kuti apatsidwe iwowo. Anakukhazika pamwendo nandifunsa dzina. Ndinati Rudo. Anafunsa kuti n'chiyani chimenecho, ndinati chikondi, m'chilankhulo cha kumene tikukhala. Anangoti hmm. Anakunyowetsa pachipumi n'kumeta katsitsi pang'ono, iwe unakuwa n'kuwagwira ndevu, osafuna kusiya. M'pamene ndinawaona akuseka koyamba, misozi ili m'masaya.

Anati, “Ukali uwu ndi wa mlongo wanga. Aka n'kathu. Wofuna kudzakatenga adzandipeze ine.”

Atatha onse, mtsikana wina anabwera ndi tsache. Tsitsi lako, langa, la a Nangondo ndi la a Gelesomu analisesera mulu umodzi, ndipo panalibe amene akanatha kulisiyanitsa.

Ndine mayi ako,
Mai Rudo